Kodi staph yomwe ikumaliza osewera a NFL imachokera pa kapeti kapena m'bafa?

Kadzidzi_waNFL:
Akuluakulu, funso langa likupita kwa amene mumatsata mpira wa ku America uja wa zipewa, komanso inu a zachipatala muli muno. Ndakhala ndikuwerenga za osewera a NFL amene ntchito yawo inathera pa matenda a staph, makamaka mtundu uja wosamva mankhwala amati MRSA. Lawrence Tynes, munthu woti anawina Super Bowl, fainolo ya NFL, kawiri ndi New York Giants, anapita ku Tampa Bay Buccaneers mu 2013 ndipo sanamenyeko ndi gemu imodzi yomwe, chala chakuphazi chinagwidwa ndi kachilomboka basi ntchito kuthera pomwepo. Chaka chomwecho timu yomweyonso Carl Nicks ndi Johnthan Banks anapezeka nako. Ndiye chomwe sindikumvetsa ndi ichi, awa ndi matimu a ndalama zoopsa, madokotala awoawo, ochapa yunifomu awoawo, anthu olipidwa kungokolopa basi. Kachilomboka kamalowera pati? Ine ndikukaikira kapeti uja amasewerapo, anthu amalavulirapo, magazi amadonthera pomwepo, thukuta pomwepo, ndipo si dothi loti limwa zimenezo. Ndani angandiuze kuti ndikunama?

Gologolo_77:
Mpira umenewo mumaonera nthawi yanji akulu? Ife tikamadzuka kukataya madzi inu muli tong'o pa TV kkkk

Kadzidzi_waNFL:
A Gologolo yankhani funso, za tulo tanga zisiyeni.

Noma_Mpaka_Kale:
Ine za NFL sindizitsata koma za kapeti ndikugwirizana nanu. Amene anamenyapo mpira pa kapeti ngati wa pa Kamuzu Stadium akudziwa, ukangolowa silayidi masana dzuwa lili phwee ntchafu yonse imasupuka, ndipo bala lake silili ngati la pa dothi ayi, limawotcha, limachita kutuluka timadzi, usiku umagona osafunda mbali imeneyo. Ndiye kunena kuti majeremusi amakhala mmenemo ine sindingadabwe.

NesiWakuLeeds:
A Kadzidzi funso lanu ndi labwino koma mwayamba kufufuza kutali chinthu chili pafupi. Staph, dzina lake lonse Staphylococcus aureus, si kachilombo ka pa bwalo la mpira, ndi kachilombo ka pathupi pa munthu. Pafupifupi munthu mmodzi pa atatu alionse ali nako m'mphuno panopa tikulemba pano ndipo sakudwala, ena kamakhala m'khwapa, ena m'mphechepeche. Amene amayenda ndi MRSA yeniyeniyo ndi ochepa, a CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, amati pafupifupi 2 pa 100. Bola khungu lili lotseka palibe vuto. Vuto limayamba khungu likang'ambika.

Tsono za mpira wanuwo pali kafukufuku amene aliyense amayambira. Mu 2003 timu ya St. Louis Rams inavutika ndi zithupsa, a CDC anapita kukafufuza, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2005 mu magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine. Pa osewera 58, asanu ndi amene anadwala MRSA, ndipo matendawo anabuka maulendo 8 chifukwa ena ankati akachira n'kuyambiranso. Onsewo anali aja akuluakulu a kutsogolo amene amagundana pa pulei iliyonse ndi aja amaima kumbuyo kwawo, ma lineman ndi ma linebacker, ndipo thupi likakhala lalikulu mpata wodwala unkakweranso. Zilonda zonse zinayambira pamalo pomwe munthu anasupuka pa kapeti, m'zigongono, m'mikono, m'mawondo, malo omwe yunifomu siphimba.

Kadzidzi_waNFL:
Ehee! Mwamva anthuni? Zonse zinayambira posupuka pa kapeti. Ndiye ndimanama pati asisi?

NesiWakuLeeds:
Dikirani kaye achimwene musanayambe kuvina. Anthu aja anatenga ma sampo m'malo osiyanasiyana omwe timu imagwiritsa ntchito ndipo MRSA sanaipeze pa zinthu zimenezo. Chomwe anapeza ndi staph wamba, womva mankhwala uja, m'mabafa akuluakulu a madzi ozungulira omwe osewera amaviikamo thupi akamaliza, komanso mu jelo amene amapaka asanamange tepi. M'mphuno mwa osewera ndi ogwira ntchito, 42 pa 100 anali ndi staph wambayo. Ndipo ataona mmene anthu amakhalira anapeza kuti mathaulo amabwerekana pa bwalo, ena amalowa m'bafa la gulu lija asanasambe, osamalira mabala analibe pafupi posamba m'manja kapena sanitaiza nthawi zonse, zitsulo zonyamula sizimapukutidwa. Ndiye kapeti ntchito yake ndi kutsegula khomo, wolowa pakhomopo amachokera pa khungu la mnzako amene wakugwetsa kapena pa thaulo lomwe wapukutira nkhope. Umboni wina ndi woti timu ina yomwe inasewera ndi Rams chaka chimenecho inayambanso kuona zithupsa, ndipo kachilombo kake kanali ka mtundu womwewo, USA300, komwe nthawi imeneyo kanali kakufalikira kale m'ndende, kwa asilikali ndi kwa ana ku America konse.

Mphunzitsi_waPE:
Kuwonjezera pa zomwe anena a nesi, anthu a ku Penn State University omwe amaphunzira za kapinga wa m'mabwalo anayeza mabwalo a kapeti angapo kufuna staph ndipo pa kapetipo sanamupeze, koma anamupeza pa mathaulo, pa zitsulo za mu jimu ndi pa mapilo aja osewera amagunda pa tirening'i. Panja dzuwa ndi kutentha zimapha tizilombo tambiri. Kapeti masana amatentha kuposa kapinga weniweni, a Noma anena kale kuti amawotcha.

Maule_Magazi:
A Noma kusupuka kwanuko n'chifukwa choti timu yanu imakhalira kuthamangitsa mpira, amene ali ndi mpira kuphazi salowa silayidi kkkkk

Noma_Mpaka_Kale:
Inu a Maule nkhani ya matenda mukulowetsapo derby? Tionana pa bwalo, pano tikuphunzira.

Maule_Magazi:
Phunziraninso kugoletsa

Adimini_2:
Abale, za Bullets ndi Wanderers zili ndi malo ake. Tibwerere.

Wa_SouthBend:
Ine ndikhoza kuikira umboni pang'ono chifukwa mwana wanga wamwamuna amasewera mpira umenewu ku sekondale kuno ku Indiana. Tsiku lina anabwera ndi kachotupa pa mkono, kofiira, pakati pakuda pang'ono, iye akuti dadi kangaude wandiluma. Ine ndinakhulupirira, mayi ake ndi amene anati ayi tiyeni kuchipatala chifukwa kanali kotentha ukakagwira ndipo mwana ankalephera kupinda mkono bwinobwino. Dokotala atangoona anati anthu ambiri obwera ndi MRSA amanena zomwezo za kangaude. Anachiboola, kufinya mafinya, kutumiza ku labu, kunapezeka kuti ndi yomweyo. Chomwe chinandikwiyitsa n'choti titafunsa makolo ena tinamva kuti anyamata ena awiri anali nazo kale ndipo ankangomata tepi n'kumasewera chifukwa choopa kuchotsedwa mu timu, kochi akudziwa. Zovala za m'kati zija za mapewa mwana amazisiya mu loka sabata yonse zili chinyowere ndi thukuta, fungo lake mukanamva. Ndiye a Kadzidzi, bwalo la sukulu imeneyo ndi la kapinga weniweni, kapeti kulibe, koma matenda anabwera.

Mai_a_Mapasa:
Pepani ndifunse nawo ngakhale mpira sindiudziwa. Kodi zimenezi ndi zosiyana ndi chithupsa chomwe timachidziwa tonsechi? Chifukwa ife chikatuluka timangodikira chipse kenako kufinya mpaka mutu wake utuluke basi. Bambo a kunyumba kuno ali nacho pa ntchafu panopa.

NesiWakuLeeds:
Mai a Mapasa, zithupsa zambiri zomwe timazidziwa ndi staph yemweyo, kusiyana kwake n'koti MRSA samva gulu lonse la mankhwala a mtundu wa penisilini, ndiye amokisilini kapena cloxacillin sagwira. Ndi maso simungasiyanitse, ndi labu yokha. Chithupsa chaching'ono kuthowa ndi kansalu ka madzi ofunda chimaphulika chokha, kenako kutsuka, kuphimba, kusamba m'manja ndi sopo, ndipo thaulo la bambowo likhale lawolawo mpaka apole. Koma mukaona kufiira kukufalikira, kapena mzere wofiira ukukwera mwendo, kapena thupi latentha akunjenjemera, kapena chili pafupi ndi bondo moti akulephera kuponda, musadikire. Kachilomboka kakalowa m'magazi kamakafika ku mafupa, m'mapapo ngakhale ku mtima. Ndipo cha pankhope, pakati pa mphuno ndi mlomo, musafinye ndi pang'ono pomwe. Ngati ali ndi shuga ndiye apite lero lomwe.

Chule_waDambo:
Kwathu timangotsegula kapisozi kuthira ufa wake pa bala, mawa lauma. Azunguwa akuchulutsa sayansi

CO_wa_kuBoma:
A Chule mwandiyambitsa. Khalidwe limenelo ndi lomwe likutipatsa ntchito. Kapisozi wogula pa golosale, awiri lero mmodzi mawa, ululu ukachepa kusiya, ndi mmene tizilombo timaphunzirira kupirira. Ndipo musaganize kuti ndi vuto la osauka okha. Mu kafukufuku wa Rams yemwe anena asisi a ku Leeds muli chinthu china chomwe anthu amachidumpha, osewera aja ankalandira maantibayotiki pafupifupi maulendo 2.6 pa chaka munthu mmodzi, kuchulukitsa ka 10 poyerekeza ndi anyamata a msinkhu wawo omwe sasewera. Chifukwa chake n'chosavuta, munthu wolipidwa mamiliyoni akangoti kukhosi kukukanda Lachinayi ndipo gemu ili Lamlungu, dokotala wa timu sadikira kuti aone ngati ndi chimfine chabe, amangolemba mankhwala. Ukamamwa mankhwala pafupipafupi umapha staph wofooka uja, wotsala pathupi ndi wolimba. Ndiye ndalama zomwe a Kadzidzi akuti zikanawateteza, mbali ina ndi zomwe zikuwapweteka.

Nkhaniyi si yatsopanonso. Methicillin anayamba kugwiritsidwa ntchito cha m'ma 1960 ndipo pofika 1961 ku Britain anali atapeza kale staph wosamumva. Kwa zaka zambiri inali nkhani ya m'zipatala, ya odwala ogonekedwa ndi okalamba. Cha m'ma 1990 ndi pomwe inayamba kugwira anthu athanzi omwe sanagonepo m'chipatala, ndipo mtundu wa kunja kwa chipatalawu nthawi zambiri umakhala ndi poizoni wina amati PVL amene amapha asilikali a m'magazi, n'chifukwa chake mafinya amachuluka chonchija.

Chule_waDambo:
Ndiye mukuti bala langa linauma ndi chani adokotala?

CO_wa_kuBoma:
Thupi lanu. Likanauma ngakhale mukanangotsuka ndi madzi a mchere.

Kadzidzi_waNFL:
Chabwino, za Rams ndamva. Koma Tynes uja anali kicker, ntchito yake kulowa, kumenya mpira kamodzi, kutuluka. Sagundana ndi munthu, sagwa pansi kawirikawiri. Ndiye nkhani yoti khungu kukhudzana ndi khungu pa iyeyo sikugwira. Nanga a Cleveland Browns? Kuyambira 2003 mpaka 2008 anthu angapo, Braylon Edwards, Kellen Winslow, Joe Jurevicius, LeCharles Bentley, timu imodzi. Zimenezo mukuti ndi mathaulo basi?

Loya_Wosamaliza:
Apa ndiye pafika pomwe ndimadikira. Nkhani za Tynes ndi ena a Browns ndi gulu lina, si za kusupuka, ndi za mabala a dokotala. Tynes anamuchita kaopaleshoni kakang'ono pa chikhadabo cholowa m'nyama, ndiye anali ndi bala lotseguka ndipo ankakalisamalira ku malo a timu komwe anthu ena odwala ankagwiritsanso ntchito zipangizo zomwezo, ndi zomwe iye ananena posumira timu mu 2015 kufuna madola 20 miliyoni. Nkhaniyo anakambirana kunja kwa khoti mu 2017. Chomwe chinamuwawa kwambiri n'choti timu inamuika pa mndandanda wa ovulala kunja kwa mpira, ngati kuti matendawo anakawatenga kwawo, ndipo zimenezo zimakhudza penshoni ndi zina zomwe wosewera amayenera kulandira.

Bentley ndiye zomvetsa chisoni. Mwana wa ku Cleveland komweko, anachoka ku New Orleans Saints ali pa fomu kubwerera kwawo mu 2006, tirening'i yoyambirira yeniyeni mtsempha wa pa bondo unaduka. Opaleshoni inachitika, kenako staph inalowa, maopaleshoni ena motsatizana, mwendo unatsala pang'ono kudulidwa, ndipo sanaseweretu gemu ngakhale imodzi mu yunifomu ya Browns. Anasumira timu mu 2010. Jurevicius naye bondo, opaleshoni mu 2008, staph, anasumira mu 2009 ndipo anagwirizana kunja kwa khoti. Onsewa mfundo yawo inali imodzi, munatiuza kuti malo anu ochitira mafizo ndi aukhondo wapamwamba pomwe mukudziwa kuti anthu akhala akudwala mmenemo. Ndiye funso la a Kadzidzi loti zimachokera kuti, kukhoti ndi funso la ndalama. Ikakhala ya kuchipatala alipira ena, ikakhala ya m'chipinda cha timu alipira ena, ikakhala ya m'mphuno mwako walira wekha. N'chifukwa chake milandu yonseyi imathera m'chipinda, palibe amafuna woweruza anene poyera.

NesiWakuLeeds:
A Loya mwafotokoza bwino, koma ndiwonjezere kuti ngakhale bala la opaleshoni, nthawi zambiri kachilombo kamene kamalowamo ndi ka mwini wake yemweyo. N'chifukwa chake kuno munthu asanalowe ku fiyeta pa maopaleshoni ambiri timamupukuta m'mphuno ndi m'mphechepeche ndi kathonje kukayeza MRSA. Akapezeka nayo timamupatsa mafuta a mupirocin opaka m'mphuno ndi sopo wa chlorhexidine wosambira masiku asanu. Tsono wosewera mpira akachoka ku fiyeta sapita kukagona kunyumba ngati ine ndi inu, mawa lake ali kale pa tebulo la mafizo lomwe pagona anthu makumi angapo tsiku limenelo, ulusi usanachotsedwe. Mu 2008 Tom Brady ndi Peyton Manning onse awiri anavutika ndi matenda a tizilombo m'bondo, anthu oti timu ikhoza kugulitsa chilichonse kuti iwateteze.

Gunner_wa_Area25:
Ife a Arsenal zimenezi tinaziona pa Santi Cazorla. Kakolo, opaleshoni pa opaleshoni kuyambira 2016, tizilombo tinadya masentimita 8 a mtsempha wa kuchidendene, mpaka anachotsa khungu pa mkono pomwe panali tatuu ya dzina la mwana wake kukamata kuphazi. Madokotala ankati akadzangoyenda bwinobwino athokoze. Koma mu 2018 anabwerera ku Villarreal n'kumavinitsanso anthu. Ndiye si za ku America zokha.

RedDevil_Zomba:
Arsenal ngakhale pa nkhani ya majeremusi mukufuna mutchulidwe nawo kkkk

Gunner_wa_Area25:
Inu khalani chete, timu yanu ikudwala matenda omwe labu sinawapezebe

CO_wa_kuBoma:
Pali khomo lina lomwe simunatchule, jakisoni. Daniel Fells wa New York Giants mu 2015 anavulala phazi, anamubaya cortisone kuti ululu ndi kutupa zichepe. Patangotha masiku thupi linatentha kufika madigiri 40, mkazi wake kumuthamangitsira kuchipatala, MRSA, mpaka ku ICU, maopaleshoni angapo ndipo ankaopa kuti phazi adula. Phazi linapulumuka koma mpira unathera pomwepo. Singano iliyonse yolowa mu joini ikhoza kukankhira m'kati zomwe zili pa khungu, ndipo cortisone ntchito yake ndi kufooketsa chitetezo pamalopo, ndiye kachilombo kakalowa kamapeza alonda ali mtulo. Osewera awa amabayidwa kwambiri kuti asaphonye gemu.

Mphunzitsi_waPE:
China chomwe anyamata sangakonde kumva ndi lezala. Mu 2003 momwemo timu ya pa koleji ina ku Connecticut, osewera 10 mwa 100 anadwala MRSA, ndipo ofufuza anapeza kuti kupatula kusupuka pa kapeti, amene ankameta thupi, pachifuwa, m'miyendo, kumalo obisika, ndi amene ankadwala kwambiri. Lezala imasiya timabala tosaoneka ndi maso. Ena amameta kuti tepi igwire bwino kapena isazule ubweya pochotsa, ena n'zofuna kuoneka bwino basi. Ku University of Southern California nako chaka chomwecho anapeza kuti kubwerekana sopo wa mtanda kunali m'gulu la zofalitsa.

Gologolo_77:
Ndiye ife a ubweya wathu tili bho. Mayi a kunyumba ndiwaonetsa positi imeneyi

Mai_a_Mapasa:
A Gologolo musanamizire sayansi, kasambeni kkkk. Koma zoona za lezalazi, kumabarbershop kuja makina amodzi mutu wa aliyense, kupopera ka spirit kamodzi basi, mwana wanga anatuluka tizilonda m'khosi monse ndinasiya kumupititsa, ndinagula makina anga.

Chule_waDambo:
Magetsi ake ati ometera kunyumba

Mai_a_Mapasa:
Ochaja alipo bambo, musatibweze m'mbuyo

Tsabola_Wakale:
Ine ndawerenga zonse ndipo ndikuona kuti tikuwanyengerera anyamatawa. Munthu wa zaka 28, amalandira ndalama zoti mudzi wonse ungadye zaka, akulephera kusamba asanalowe m'bafa la gulu, akutenga thaulo la mnzake, akubisa chilonda, kenako akadwala akuti timu indilipire. Carl Nicks anasaina kontirakiti ya madola 47.5 miliyoni, sangagule thaulo lake? Timu ingakolope kangati? Asisi a ku Leeds anena okha kuti kachilombo kali m'mphuno mwa munthu mmodzi pa atatu, ndiye ngakhale mutapopera nyumba yonse usiku, m'mawa osewera onse a timu akalowa kabweranso. Pamenepa mlandu wa timu uli pati?

Loya_Wosamaliza:
Madala a Tsabola, mlandu suli pa kukhala ndi kachilombo, uli pa kudziwa n'kukhala chete. Ngati ndinu bwana ndipo mukudziwa kuti anthu atatu atuluka mafinya m'chipinda chimenechi, kenako mukuuza munthu wa bala la opaleshoni kuti bwera udzachitire mafizo momwemuno osamuchenjeza, pamenepo thaulo lake limuthandiza chani? Mu 2008 Winslow atagonekedwa m'chipatala timu sinanene chomwe akudwala, iye atatuluka n'kuulula kuti ndi staph ndipo anadzudzula mabwana, anamuimitsa gemu imodzi, ngakhale pambuyo pake chilangocho anachichotsa. Ndiye wosewera wina woona zimenezo ayankhula? Komanso kubisa chilonda musakuone ngati uchitsiru, mu NFL makontirakiti ambiri ndalama zake sizotsimikizika zonse, ukakhala panja masabata awiri wina watenga malo ako. Ndi dongosolo lomwe limaphunzitsa munthu kubisa.

Tsabola_Wakale:
Kusamba sikufuna kontirakiti a Loya.

Loya_Wosamaliza:
Bentley anasamba, bondo linaola.

NesiWakuLeeds:
Nonse awiri muli ndi mbali. A Tsabola akunena zoona kuti kupopera mankhwala m'nyumba kumathandiza pang'ono chabe, matimu amakonda kuchita zimenezo chifukwa zimaoneka bwino pa kamera, anthu ovala zoyera ndi mipope. Zomwe zimagwira ntchito ndi zotopetsa zija, bala lililonse litsukidwe ndi kuphimbidwa nthawi yomweyo, wa mafinya asalowe m'bafa la gulu, sopo wamadzi m'malo mwa wa mtanda, tebulo lipukutidwe munthu akachokapo, zochapa zichapidwe ndi madzi otentha n'kuumitsidwa kwathunthu, ndipo wina aziyang'ana khungu la osewera osadikira kuti anene okha. Koma zonsezi woyendetsa ndi timu, si wosewera. NFL inafika poitana akatswiri a ku Duke University oona zopewa matenda m'zipatala kuti aziyendera malo a matimu ndi kuwalembera malamulo, zomwe zikusonyeza kuti eni ake anavomereza kuti chipinda cha mafizo ndi kachipatala ndithu ndipo chiyenera kuyendetsedwa choncho.

Mnyamata_waJoni:
Koma ine pa Facebook ndimaona otsatsa mankhwala azitsamba akuti staph ndi matenda opatsirana pogonana ndipo amapha mphamvu za abambo. Osewerawa si nkhani ya akazi imeneyi?

CO_wa_kuBoma:
Ayi aise, amenewo akufuna ndalama zako. Staph amapatsirana pokhudzana khungu kulikonse, kugwirana chanza, kugundana pa bwalo, kugona bedi limodzi, koma sali m'gulu la chindoko ndi chinzonono. Ndipo kupezeka ndi staph pa khungu kapena m'mphuno si matenda ofuna botolo la zitsamba.

Noma_Mpaka_Kale:
Mukamakamba za mabafa a madzi ozungulira ine ndikungoseka, timu yathu ya m'dera tili ndi ndowa imodzi ndi siponji imodzi, wina akavulala siponji yomweyo pa bala, wina akakomoka yomweyo kumaso, wina ludzu amafinyira mkamwa. Ma bibu sachapidwa mpaka aime okha. Koma sindinamvepo wina atadulidwa mwendo. Mwina ife tinakhwima.

CO_wa_kuBoma:
Simunamve chifukwa akabwera kwa ife sanena kuti ndine left back wa timu yakuti, amangoti mwendo watupa. Ndipo zipatala zathu zambiri sitiyeza mafinya kuti tidziwe mtundu wa kachilombo, timaboola, kupereka mankhwala, akapanda kusintha kusintha mankhwala. Anyamata obwera ndi bondo lodzaza mafinya chifukwa cha bala la pa mpira lomwe analimanga ndi sokosi timawaona. Siponji imeneyo itayeni a Noma, gulani mabotolo ndi gozi, sizodula.

Mphunzitsi_waPE:
Ine ana anga ku sukulu lamulo ndi limodzi, wa chilonda chotuluka madzi salowa m'bwalo mpaka ndichione ndekha chili chomanga. Makolo ena amakwiya kuti mwana wawo ndamuchotsa pa gemu ya zoni. Ku Pennsylvania mu December 2003 mnyamata wa pa Lycoming College, Ricky Lannetti, wa zaka 21, wathanzi, anamwalira ndi MRSA yomwe inalowa m'magazi ndi m'mapapo, patangopita masiku ochepa chiyambireni kumva ngati chimfine. Ndiye kukwiya kwa kholo ine ndimapirira.

Kadzidzi_waNFL:
Chabwino ndamva, koma kapeti sindimumasula. Mwanena nokha kuti ndi amene amatsegula khomo, ndipo pa Rams zilonda zonse zinali posupuka. Popanda kusupukako thaulo lija likanalowera pati? Bungwe la osewera la NFLPA lakhala likupempha kuti mabwalo onse akhale a kapinga weniweni, ndipo taonani, FIFA pa World Cup ya 2026 inalamula kuti mabwalo a NFL ngati MetLife aike kapinga weniweni. Ndiye a Messi ayenera kapinga koma eni bwalo ayenera pulasitiki?

NesiWakuLeeds:
Pempho la NFLPA kwenikweni ndi la mawondo ndi akakolo, phazi limakanirira pa kapeti thupi likutembenuka. Koma inde, kusupuka kukachepa makomo achepa, pamenepo sindikutsutsani. Kungoti mwana wa a South Bend wasewera pa kapinga ndipo wadwala, Tynes ndi Fells ndi Bentley kapeti sanawakhudze n'komwe.

Wa_SouthBend:
Komanso kuno kuzizira kwake kapinga amafa November isanathe, masukulu ambiri akuika kapeti chifukwa cha zimenezo, sabwerera m'mbuyo. Ine ndinangogula manja aatali aja ovala m'kati ndi sopo wake wake, zovala za mapewa amabwera nazo kunyumba Lachisanu tiziyanike.

Mai_a_Mapasa:
Adokotala a kuBoma, ndawayang'ana bambo aja, kufiira kwakula kuposa dzulo ndipo akuti akumva kuzizira. Akukana kupita akuti chiphulika chokha.

CO_wa_kuBoma:
Mayi, kuzizirako ndiye sindikukufuna. Tengani bolopeni muzungulize mzere pomwe kufiira kwalekezera kuti akaone ngati kukupitirira, musafinye, musawapatse makapisozi a m'nyumba, ndipo apite usiku uno osati mawa. Akakana apatseni foni awerenge za Bentley zija.

Mai_a_Mapasa:
Awerenga. Akusaka makiyi a njinga.